Laputopu ikadwala, zam'kati zipulumuke kaye

M'matauni ang'onoang'ono ngati Mponela, Lunzu, Jenda, Ntcheu ndi Luchenza, laputopu sichinthu chachilendonso. Mabanja ena ali nayo, ndipo ochuluka mwa makinawa ndi a kaunjika. Ina idagulidwa ku Lilongwe kapena ku Limbe itagwira kale ntchito kunja, ina idabwera ndi alamu a ku Joni, ina idasiyidwa ndi mwana atamaliza kukoleji. Makinawa ndi okalamba, komatu asenza katundu wolemera. M'menemo muli zithunzi za ukwati ndi za agogo amene adamwalira kale, mndandanda wa ngongole za pagolosale, kaundula wa banki mkhonde, makalata ofunsira ntchito, komanso kafukufuku amene wophunzira wakhala akulemba chaka chathunthu.

Zonsezi zimasungidwa m'kachipangizo kamodzi kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, kotchedwa hadi disiki. Sikirini ikasweka, ina imagulidwa. Chaja ikapsa, ina imapezeka pamsika. Koma hadi disiki ikafa, imapita ndi zonse zimene zidali m'menemo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri kachipangizoka kamachenjeza kasanafe, koma eni ake salabadira. Akafika nayo kwa mmisiri, chomwe amapempha n'chakuti makina ayakenso msanga, osati zam'kati zipulumuke. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa.

Kuti munthu amvetse vutoli, ayenera kudziwa momwe kachipangizoka kamagwirira ntchito. M'hadi disiki ya mtundu wakale muli timbale timene timazungulira mothamanga kwambiri, kawirikawiri ka 5400 pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 90 pa sekondi iliyonse. Pamwamba pa timbaleti pamayandama kamutu kolemba ndi kuwerenga. Kamutuka sikakhudza mbale, koma mpata wa pakati pake ndi wochepetsetsa moti kafumbi kamodzi kamakhala ngati chimwala pamsewu. Laputopu ikagwa kapena kugwedezeka mwamphamvu ili chiyakire, kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo pokandikapo sipawerengekanso. Kuonjezera apo, malaputopu ambiri akale batire lake lidafa kalekale, kotero magetsi akathima mwadzidzidzi nawonso amazima pomwepo, ndipo fayilo imene imalembedwa nthawi imeneyo imatha kuonongeka.

Zizindikiro za matendawa sizivuta kuziona. Makina amene ankayaka msanga amayamba kutenga nthawi yaitali moti munthu angateleke madzi a tiyi n'kuwira. Amauma akangofika pa fayilo kapena foda yomweyomweyo. Zithunzi zina zimakana kutseguka, zina zimangosowa. Windows imayamba kukonza disiki nthawi iliyonse poyatsa, kapena sikirini imasanduka yabuluu makina n'kudzizimitsa okha. Tsiku lina pamatuluka uthenga woti makina sakupeza poyambira. Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi phokoso, kulira kwa "ke, ke, ke" kobwerezabwereza, kapena kukwecha ngati chitsulo chikukhula chinzake.

Komabe si laputopu iliyonse yochedwa imene ili ndi hadi disiki yodwala. Mavairasi, kuchepa kwa RAM, kudzaza kwa disiki ndi fumbi lotseka fani zimachedwetsanso makina. Phokoso la fani limamveka mosadukiza kuchokera komwe kumatulukira mphepo yotentha, pomwe la hadi disiki limagogoda modukizadukiza. Monga momwe achipatala amayezera magazi asanapereke mankhwala a malungo, makinanso ayenera kuyezedwa munthu asanataye ndalama pogula chipangizo chimene sichikufunika.

Chosangalatsa n'chakuti kuyezaku sikulira ndalama zambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mahadi disiki amapangidwa ndi njira yodziyeza okha yotchedwa S.M.A.R.T., imene imasunga mbiri ya thanzi lawo. Pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imawerenga mbiriyi m'kanthawi kochepa. Ikalemba kuti Good ndiye kuti sidaone vuto, Caution yachikasu ndi chenjezo, pomwe Bad yofiira ndiye kuti zinthu zafika poipa. Imaonetsanso kuchuluka kwa malo oonongeka amene disiki yawasiya n'kusamukira pena, komanso maola amene yakhala ikuyaka chipangidwire. Chaka chili ndi maola 8760, ndiye disiki yoonetsa maola 30000 yagwira ntchito yofanana ndi zaka zoposa zitatu usana ndi usiku osapuma. Makina a Dell ndi HP alinso ndi poyezera pawopawo, pamene pamapezeka podina F12 pa Dell, kapena Esc kenako F2 pa HP, makina akungoyaka kumene.

Chenjezo loterolo silofunika kulinyozera. M'chaka cha 2007, akatswiri a kampani ya Google adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mahadi disiki oposa 100000 amene kampaniyo inkagwiritsa ntchito. Iwo adapeza kuti disiki ikangopezeka koyamba ndi malo osawerengeka podziyeza, mpata woti ifa m'masiku 60 otsatira umakula ka 39 poyerekeza ndi inzake yopanda vutolo. Adapezanso china chofunika kuchisunga m'mutu: pa madisiki 100 alionse amene adafa, 36 sadaonetse chizindikiro chilichonse m'mbiri yawo ya S.M.A.R.T. Izi zikutanthauza kuti Caution ndi yofunika kuikhulupirira, koma Good si chikole. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono chenjezo likaoneka, choyamba si kukonza ayi, koma kupulumutsa. Nyumba ikayamba kupsa, anthu sayamba ndi kukambirana za udzu wofolerera. Amatulutsa ana, kenako katundu. Ngati disiki ikuwerengekabe ndipo siikugogoda, mwini wake akopere zofunika pa flashi kapena pa disiki ina tsiku lomwelo, kuyambira ndi zimene sizingapezekenso kwina kulikonse: makalata, mabuku a ndalama, ntchito ya kusukulu ndi zithunzi za banja. Nyimbo ndi mafilimu zibwere pomalizira, pakuti zimenezo anyamata oika nyimbo m'mafoni ali nazo pamsika. Ngati yayamba kugogoda, makinawo azimitsidwe basi. Kuyatsa kulikonse kongofuna kuona ngati yachira kumangoonjezera mikwingwirima pa mbale.

Pali zinthu zina zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimamaliza disiki yodwala. Kuyendetsa mapulogalamu osesa disiki yonse, monga chkdsk, zam'kati zisadakoperedwe, kuli ngati kuthamangitsa wodwala mtunda wautali kuti aone ngati ali ndi mphamvu. Kuimenya ndi dzanja, kuiika mufiriji monga ena amalangizirana, kapena kuitsegula ndi sikuludiraiva pa tebulo la m'shopu n'kuipha kumene. Mufiriji imachita chinyontho, ndipo ikatsegulidwa pamalo afumbi, fumbilo limakakhala pa mbale.

Mawu ena ayenera kupita kwa amisiri okonza makompyuta m'matauni. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata olimbikira amene adaphunzira ntchitoyi movutikira, ndipo akuthandiza anthu. Koma alipo ena amene mankhwala awo ndi amodzi pa nthenda iliyonse: kufomata n'kuikamo Windows yatsopano. Njirayi ndi yachidule ndipo ndalama imalowa msanga, koma imafufuta zonse, ndipo pa disiki yodwala vuto limabwereranso pakangopita masabata ochepa. Mmisiri wodziwa ntchito amafunsa kaye mwini makina ngati muli zofunika, amayeza disiki mwini wakeyo akuona, ndipo amafotokoza zimene wapeza m'chinenero chomveka. Ngati Windows yakana kuyaka, angathe kuchotsa disikiyo n'kuiika m'kabokosi ka USB kuti aiwerengere pa kompyuta ina, kapena kuyatsa makinawo ndi Linux ya pa flashi. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa ddrescue imene imakopera kaye malo abwino a disiki isanalimbane ndi oonongeka. Mmisiri amene sadziwa izi aziphunzire, ndipo ntchito ikamukulira anene poyera m'malo moyeserera pa katundu wa eni.

Nkhani ya chinsinsi nayo ndi yaikulu. Wopereka laputopu kwa mmisiri amakhala wapereka makiyi a kuchipinda kwake. Kusuzumira zithunzi za makasitomala kapena kuzigawira anzake ndi khalidwe lonyansa, komanso lamulo la m'chaka cha 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kulowa m'zinthu za pakompyuta za munthu popanda chilolezo. Disiki yakale ikachotsedwa, mwini wake aitenge kupita nayo kwawo, chifukwa ngakhale yodwala imatha kuwerengeka m'manja mwa munthu wodziwa.

Ogula malaputopu a kaunjika nawo asamangoyang'ana kuwala kwa chivundikiro. Apemphe wogulitsa kuti awaonetse thanzi la disiki ndi maola ake asanapereke ndalama. Wogulitsa wachilungamo sangakane pempho lotenga mphindi ziwiri zokha.

Hadi disiki ikatha, si kuti laputopu yonse yatha. Makina ambiri akale amalandira disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD, imene ilibe timbale tozungulira, siopa kugwedezeka ngati yakale ija, ndipo imapangitsa makina okalamba kuthamanga bwino. Koma nayonso imafa, ndipo imafa mwakachetechete, popanda kugogoda kochenjeza. N'chifukwa chake mankhwala enieni ndi amodzi okha: chinthu chofunika chisamakhale pamalo amodzi. Flashi yosungidwa m'sutikesi, osati m'chikwama chomwecho cha laputopu, ingapulumutse banja. Amene ali ndi adiresi ya Gmail ali ndi malo aulere okwana 15 GB pa intaneti, okwanira kusunga makalata ndi zithunzi zambiri ndithu. Mabuku a ngongole ndi a banki mkhonde azisindikizidwanso papepala mwezi ukatha.

Mlimi wanzeru sasunga mbewu yake yonse m'nkhokwe imene chiswe chayamba kudya. Mabanja amene laputopu yawo yayamba kuchedwa, kuuma kapena kugogoda asadikire malipiro a mwezi wamawa. Agule kapena abwereke flashi sabata ino, ndipo zofunika zikoperedwe makina akadapuma. Disiki ikangokhala chete, chotsala ndi mawu aja akale akuti ndikadadziwa ndikadaphika therere.