Akatswiri a njinga zamoto ali pa Msundwe, chikusowa ndi bwalo

Amene mumakonda mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook mwaziona njinga zamoto zija zimauluka m'malere, kutera pamulu wa dothi, kenako n'kudutsa m'matope ngati palibe chachitika. Ambiri tikaonera timangoti awa ndi masewero a azungu ndi ana a mabwana, bandulo n'kutha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikuona mosiyana. Ngati masewero oyendetsa njinga zamoto kunja kwa phula ali ndi tsogolo m'dziko muno, tsogololo lili pa siteji ya kabaza ya pa Msundwe.

Tiyambe taona momwe zikuyendera kunja. Dakar Rally, mpikisano wotchuka kwambiri wa m'chipululu womwe wakhala ukuchitikira ku Saudi Arabia kuyambira 2020, unachotsa gawo la njinga za matayala anayi zotchedwa quad mu 2025 chifukwa opikisana anali atachepa. Za matayala awiri zikupitirirabe, ndipo anzathu a kuno kummwera kwa Africa akuoneka. Mu 2024 Ross Branch wa ku Botswana anakhala wachiwiri ku Dakar, ndipo chaka chomwecho anatenga ukatswiri wa dziko lonse pa mipikisano ya mtunduwu, akukwerera kampani ya Hero ya ku India. Ku Lesotho mpikisano wa Roof of Africa unayamba mu 1967. Ku Zimbabwe kuli Tanya Muzinda, mtsikana yemwe anayamba masewerowa ali mwana.

Kwathu kuno quad musaiwerengere. Mtengo wake ndi wa galimoto, zipangizo zake zimafuna ndalama zakunja, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tikudziwa momwe katundu wochokera kunja wakwerera. Komanso quad singadutse kanjira ka pakati pa minda kapena paulalo wa mitengo iwiri. Idzakhalabe ya alendo ochepa pamalo ochepa. Njinga yomwe yazika mizu m'midzi mwathu ndi Lifo, Kinglion ndi zinzake.

Mukangopatuka pa msewu wa M12 wa Lilongwe–Mchinji kulowa m'midzi ya ku Msundwe, Mpingu, Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, misewu yambiri ndi yadothi. M'chilimwe ndi fumbi, mchenga ndi mabampu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi matope oterera ngati therere. Mnyamata wa kabaza amadutsa mmenemo tsiku ndi tsiku, kumbuyo atamanga matumba a soya kapena mtedza, mwinanso atanyamula mayi wodwala kuthamangira naye ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Amadziwa kuwerenga dothi ndi maso, amadziwa pochepetsa moto ndi powonjezera, amadziwa kuti buleki yakutsogolo pamatope ndi chigwetsa. Zomwe ena amalipira ndalama zambiri kuti aphunzire, iye waziphunzira pofunafuna ya ndiwo.

Koma tinene zoona, luso limeneli ndi la mbali imodzi. Ambiri anaphunzitsidwa ndi mnzawo pabwalo la mpira masiku ochepa chabe, basi n'kuyamba kunyamula anthu. Matope sakuphunzitsa malamulo a pamsewu. Ukangokwera paphula ukukumana ndi minibasi komanso mathiraki opita kuchipata cha Mchinji, ndipo pamenepo kulakwitsa kamodzi n'kokwanira. Madokotala a ku Kamuzu Central Hospital akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka mafupa ndi ovulala m'mutu pangozi za kabaza. Yankho lomwe timaliona kawirikawiri ndi chipikisheni: apolisi kulanda njinga, anyamata kuthawira m'tinjira, pakatha sabata zonse n'kubwerera mwakale. Masewero a mphaka ndi khoswe amenewa sanaphunzitsepo munthu kukhota bwino.

Maganizo anga ndi akuti khonsolo ya boma la Lilongwe, mafumu, nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ndi makomiti a kabaza apeze malo amodzi pafupi ndi Msundwe, awasandutse bwalo la njinga zamoto. Sipafunika simenti kapena mipando. Pafunika dothi, matayala akutha, zingwe, mphunzitsi ndi munthu wa chithandizo choyamba. Mkati mwa sabata pakhale maphunziro, kamodzi pamwezi pakhale mpikisano. Wolowa mpikisano aonetse laisensi, avale helemeti ndi nsapato zotseka, njinga yake ikhale yolembetsedwa. Mnyamata yemwe amathawa helemeti poopa kutentha adzaivala yekha akadziwa kuti popanda iyo salowa m'bwalo momwe anzake akutchukira.

Ena anena kuti mpikisano uwonjezera misala yothamanga. Nkhawayo ndi yomveka, koma zimatengera chomwe mukupatsira mphoto. Pali mtundu wa masewerowa wotchedwa trials, momwe wopambana ndi amene wadutsa pamalo ovuta osaponda pansi, osati amene wafika msanga. Ifenso titha kupanga zathuzathu: kudutsa m'matope utanyamula ndowa ya madzi osataya, kapena kuima pamzere osaupitirira. Amenewo ndi maluso omwe amapulumutsa pasenjala. Ndipo anyamata okonda liwiro akuthamangitsana kale pamsewu womwe ana asukulu amadutsa. Bola akathamangire pomwe pali malamulo.

Nkhawa ina ndi ya malo. Ku Msundwe munda ndi moyo, ndipo matayala amakumba ngalande zomwe mvula imazisandutsa zigwembe. N'chifukwa chake bwalo likhale limodzi, lodziwika, kutali ndi madambo ndi madimba, ndipo eni malo agwirizane nazo poyera.

Phindu lake silithera pa chikho. Bungwe la Riders for Health limagwiritsa ntchito njinga zamoto kunyamula magazi ndi zina zokayezedwa kuchokera kuzipatala zakumidzi. Alangizi a zaulimi nawonso amayenda pa njinga zomwezi. Onsewa amafuna woyendetsa wodziwa dothi komanso wokhala ndi mapepala. Njinga zikamapikisana zimafuna amakaniko aluso, ndipo Namitete Technical College ili pafupi pomwepa. Tiganizirenso zomwe zikubwera: mzinda wa Kigali ku Rwanda unasiya kulembetsa njinga zatsopano za kabaza zoyendera petulo mu Januwale 2025, pofuna zamagetsi. Ndi mizere ya mafuta yomwe timaiona kuno, tsiku lina batire idzafika pa Msundwe, ndipo adzapindule ndi amene anayamba kale kuphunzira. Atsikana nawonso asasiyidwe pa mpando wakumbuyo.

Sindikulonjeza kuti chaka chamawa mwana wa kwa Kabudula adzakhala ku Dakar. Masewero a pamwambawo amadya ndalama zomwe tilibe. Chomwe tingakwanitse ndi bwalo limodzi, mahelemeti ndi mphoto yochokera kwa ogulitsa njinga omwe akudyerera kale pa anyamatawa. Inu a kabaza, nkhaniyi ikambeni pa siteji, wapampando wanu apite nayo kwa khansala. Enafe, mawa tikamakwera, tifunse helemeti tisanafunse mtengo.