Matayala opanda chubu: ndani apindule, ndani angotaya ndalama?

Chiyambireni mavuto a mafuta mu 2022, njinga yakapalasa yabwereranso pa ulemu wake. Mizere ya pa filling station komanso mitengo ya minibasi ndi njinga zamoto yomwe imangokwera zachititsa anthu ambiri muno mu Zomba kuganiza zongopalasa okha popita ku ntchito kapena ku sukulu. Zomwe achinyamata akuthamangira ndi ma mountain bike a kaunjika, aja a magiya ambiri ndi matayala onenepa a manomano. Ndiye pamodzi ndi njingazi pabweranso nkhani ina yomwe ikumveka pa magulu a WhatsApp ndi pa malo okonzera njinga: akuti chotsani chubu, ikani tubeless, kuphwa kwa tayala muiwale. Nkhaniyi ndi yoona, koma theka lokha. Theka linalo ndi lomwe lingakudyereni ndalama, mwinanso kukuvulazani.

Tubeless si zachilendo ayi. Galimoto zinasiya machubu kalekale, m'zaka za m'ma 1950, ndipo aliyense waonapo anyamata a matayala akutseka bowo la msomali ndi kachingwe komata, tayala osalichotsa n'komwe. Ku njinga zakapalasa lusoli linachedwa. Mu 1999 kampani ya ku France ya Mavic, mogwirizana ndi Michelin ndi Hutchinson, inatulutsa malimu ndi matayala a mountain bike otchedwa UST, osalira chubu. Patangopita zaka zochepa, Stan Koziatek wa ku America anatchukitsa njira yosinthira mawilo wamba pogwiritsa ntchito madzi omata otchedwa sealant. Lero pafupifupi onse ochita mpikisano wa mountain bike akupalasa opanda chubu.

Kagwiridwe kake ntchito n'kosavuta kumva. M'kati mwa limu mumamatidwa tepi yolimba yotseka mabowo a masipoko kuti mpweya usamatulukire pamenepo. Valavu imamangidwa pa limu penipeni. Tayala limakhala ndi milomo yogwira limu mothina, ndipo m'kati mwake mumathiridwa sealant, madzi oyera ngati mkaka opangidwa ndi utomoni wa labala, pakati pa 60 ndi 120 ml pa tayala limodzi. Munga ukalasa, mpweya pofuna kuthawa umakankhira madziwo pa bowo, iwo n'kuundana pomwepo. Nthawi zambiri wopalasa sadziwa n'komwe kuti walasidwa.

Ubwino wina ndi wa pa miyala. Amene amatsika njira za fumbi za m'phiri la Zomba akudziwa kubooka kuja kwa mabowo awiri oyandikana, pamene chubu chapanikizika pakati pa mwala ndi limu. Popanda chubu vuto limenelo limachepa kwambiri, ndiye munthu amatha kuchepetsa mpweya mpaka 20 kapena 30 psi, tayala n'kumagwira bwino nthaka, msana osagwedezeka kwambiri. Kwa wokwera ku Ku Chawe Loweruka lililonse, apa palibe zotsutsana, tubeless ndi dilu.

Koma tiyeni tiwerengere bwino. Kuti ntchitoyi itheke pafunika tepi ya saizi yolingana ndi limu, mavalavu awiri, botolo la sealant, ndipo makamaka malimu ndi matayala olembedwa kuti tubeless ready. Njinga zambiri za kaunjika zomwe zikufika kuno ndi zakale, za mawilo a 26 inchi, zopangidwa lusoli lisanafale. Matayala ake amakhala otha, m'mbali mwake mukutuluka mpweya ngati sefa. Mavalavu ambiri a tubeless ndi aja owonda, a Presta, pamene malimu a njinga zotsika mtengo anabooledwa bowo lalikulu la valavu yangati ya galimoto. Popopa koyamba pamafunikanso mpweya wambiri nthawi imodzi kuti milomo ya tayala ikhazikike, zomwe kapampu ka m'manja nthawi zambiri sikakwanitsa. Ufunika kompuresa, ndipo kompuresa ifuna magetsi. Za magetsi athu nonse mukuzidziwa.

Chachikulu chomwe okopa anthu sakunena n'chakuti sealant amauma. Pakatha miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi amasanduka zibuluma za labala m'kati mwa tayala, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala amauma msanga. Kutanthauza kuti iyi si ndalama yolipira kamodzi basi, ndi ngongole yobwera chaka chonse. Zonsezi, tepi, valavu, sealant, ndi katundu wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likusowa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza chinakwera nawo. Chubu nachonso n'chakunja, inde, koma chubu chimamatidwa. Chigamba chimodzi ndi soloshoni pang'ono, chabwerera pa msewu, ndipo chimatha kulandira zigamba khumi chisanatayidwe. Chikatheratu chimasanduka malegeni omangira katundu. Sealant akauma, wapita basi.

Tsopano tifike pa abale athu a kabaza, chifukwa ndi amene kuphwa kwa tayala kumawapweteka kuposa tonsefe. Wophunzira tayala likaphwa amachedwa kalasi. Wakabaza wa pa Mpondabwino kapena pa Chinamwali likamuphwera, kasitomala amatsika n'kukwera ina, ndalama ya ndiwo yapita. Ndiye munthu wotere ukamuuza kuti pali tayala lodzimata lokha, akhoza kukongola ndalama tsiku lomwelo. Chonde asatero. Njinga za kabaza zambiri ndi zija za mawilo a 28 inchi, za malimu achitsulo omwe sanapangidwe kuti agwire tayala popanda chubu. Zimanyamula munthu wamkulu, thumba la chimanga kapena la makala, ndiye zimafuna mpweya wambiri. Tayala wamba pa limu wamba, mpweya wambiri, chubu mulibe: mlomo wa tayala ukhoza kuvuuka pa limu nthawi ina iliyonse, mpweya wonse n'kutha kamodzi. Zikachitika pa mtsetse, mayi ali kumbuyo ndi mwana kumsana, imeneyo si nkhani ya chigamba, ndi ya ku Zomba Central Hospital.

Pa YouTube palinso njira yachidule yomwe achinyamata akuitengera: kutenga chubu cha njinga ya ana cha 20 inchi, kuchikoka pa limu ya 26 inchi, kuching'amba pakati kuti chikhale ngati tepi, kenako kuvala tayala pamwamba. Imagwiradi ntchito pa mawilo ena, koma ndi ya mpweya wochepa komanso katundu wopepuka, ndipo sealant amafunikabe. Amene akufuna kuyesa ayesere pa njinga yake, yokwera yekha, osati yonyamulira anthu.

Nanga amakaniko athu a pansi pa mtengo? Ena akuopa kuti lusoli liwalanda ntchito yomata machubu. Mantha amenewo ine sindikuwaona chifukwa chake. Machubu akhala nafe zaka zambiri zikubwerazi. Chomwe chilipo ndi mwayi, poti eni ma mountain bike abwino alipo, ophunzira ndi aphunzitsi a ku University of Malawi, ogwira ntchito m'mabungwe, alendo okwera phiri, ndipo akusowa wowathandiza pafupi. Makaniko amene aphunzire kumata tepi bwino, kukhazika tayala ndi kuwonjezera sealant adzakhala ndi makasitomala obwerabwera miyezi ingapo iliyonse. Koma akhale woona mtima, azitha kumuuza munthu kuti bwana, limu yanuyi siyilola, sungani ndalama zanu. Kumeneko ndiye kumanga dzina.

Pali funso lina lomwe ngati dziko tiyenera kudzifunsa. Ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, kuli munda waukulu wa mitengo ya labala, ndipo utomoni wake ndi womwewo womwe uli phata la sealant ambiri. Ife tikugulitsa labala kunja, kenako n'kumasaka madola ogulira timabotolo ta madzi a labala. Ophunzira za sayansi pa Chirunga pompa kapena ku MUST ku Thyolo, kafukufuku woti n'kuthandiza anthu ndi ameneyu. Sealant wotsika mtengo wopangidwa konkuno akhoza kuthiridwanso m'chubu momwemo, ndipo njira imeneyo ndi imene ingamuteteze wakabaza ku minga popanda kuika moyo wa kasitomala pachiswe.

Pakadali pano, musanatulutse ndalama, yang'anani pa limu ndi pa tayala lanu ngati palembedwa tubeless ready kapena UST. Funsani komwe mudzagule sealant wina miyezi itatu ikubwerayi, komanso mtengo wake. Ngati mayankho onse alipo ndipo njira zanu ndi za minga ndi miyala, sinthani, simudandaula, koma chubu chimodzi chapadera muziyenda nachobe chifukwa tayala likang'ambika kwambiri sealant sathandiza. Ngati njinga yanu ndi yopitira ku ntchito pa tala kapena yonyamulira anthu, ndalama imeneyo gulirani tayala latsopano lolimba, ikani tepi yabwino pa masipoko, ndipo muzipopa mokwanira m'mawa uliwonse. Kubooka kwambiri komwe timakunamizira minga kumayambira pa tayala lotha ndi mpweya wochepa.