Kugogoda kwa pansi pa galimoto ndi pemphero la paulendo

M'banja lathu tili ndi mwambo umene ndikukhulupirira kuti ambiri a inu mulinso nawo. Tisananyamuke pa ulendo wautali, aliyense atakhala pamalo pake m'galimoto, mmodzi amatsogolera pemphero lopempha Mulungu kuti atiyendetse bwino ndi kutipewetsa ngozi. Mwambowu ndi wabwino ndipo sindikufuna kuti wina ausiye. Koma lero ndili ndi mlandu ndi ine mwini, komanso ndi Akhristu anzanga amene timapereka pemphero lotere titakhala pamwamba pa zitsulo zimene tikudziwa bwino lomwe kuti zinatha kalekale.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla yopangidwa m'chaka cha 2004. Inayamba yayenda m'misewu yosalala ya ku Japan, kenaka inakwera sitima mpaka ku doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe, monga amachitira magalimoto ambiri amene timawaona m'matauni mwathu. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano ikaunikidwe pakatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuunikako n'kokwera mtengo, kotero eni ake ambiri amaigulitsa ikadali ndi mphamvu. Ife kuno timailandira itakula kale, n'kumaitcha yatsopano. Yangayi tsopano yadutsa makilomita 290,000. Injini yake sinandichititsepo manyazi, ndipo ndinkanyadira kuuza anzanga kuti sindiphonya kusintha oyilo. Za pansi pa galimoto sindinkaziganizira n'komwe, poti sizioneka.

Phokosolo linayamba nthawi ya dzinja. Ndikadutsa pa dzenje kapena pa hampu, kutsogolo kumanzere kunkamveka kuti kho! Poyamba linali lapansipansi, lomveka pokhapokha mawindo akakhala otseka. Patapita miyezi linakula, ndipo chiwongolero chinayamba kukhala ngati chili ndi maganizo akeake. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma cha pansi pa galimoto chimaimba, ndipo changa chinaimba kwa miyezi isanu ndi itatu. Mayi a kunyumba anandifunsa kangapo kuti, "Kodi abambo, chikulirachi simukuchimva?" Ine yankho langa linali kukweza wailesi. Ndinena mosabisa kuti nthawi zambiri pa wailesipo pankakhala nyimbo zauzimu.

Tsiku lina tinanyamuka kupita ku maliro a mkhristu mnzathu kumudzi. Ndinanyamula amayi anayi a mumpingo, matumba awiri a chimanga ndi zina za chipepeso. Tinapemphera monga mwa mwambo. Tinayenda bwino pa msewu wa M1, kenaka tinakhotera mu msewu wafumbi. Titatsala pang'ono kufika, ndikuyenda pang'onopang'ono ndithu, kunamveka chiphokoso, kutsogolo kwa galimoto kunagwada pansi, ndipo titatuluka tinapeza tayala lakumanzere litapindikira m'kati ngati mwendo wothyoka. Palibe amene anavulala. Mayi mmodzi anakweza manja n'kunena kuti Satana wachita manyazi, ndipo tonse tinavomera kuti Ameni. Inenso ndinavomera, koma mtima wanga unkandiuza kuti Satana sanali ndi ntchito yambiri pa nkhaniyi, popeza ntchito yonse ndinali nditamugwirira ine. Theka la ola m'mbuyomo tinali pa phula, tikuthamanga makilomita 90 pa ola, tikuphana ndi magalimoto akuluakulu onyamula katundu.

Makaniko amene anabwera kudzatithandiza, bambo wachikulire wosalankhula zambiri, anandionetsa kachitsulo kamene kanazuka. Amakatcha ball joint. Kamagwira ntchito ngati mfundo ya m'chiuno mwa munthu: mutu wozungulira umakhala m'kabowo kake, ndipo ndiko kamalumikiza tayala ku mkono wa pansi wa galimoto, kulilola kukwera ndi kutsika komanso kukhota. Mfundoyi imakutidwa ndi kachikwama ka labala kosunga girizi. Labalayo akang'ambika, girizi amatuluka, fumbi ndi madzi zimalowa, ndipo chitsulo chimayamba kudya chinzake mpaka mutuwo umagwedera. Kugogoda kumene ndinkamva kunali kugwedera kumeneko. Atandifunsa kuti phokosolo linayamba liti, ndinachita manyazi kutchula miyezi yake. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, galimoto sinama. Inakuuzani."

Titaikokera ku galaja, anandilowetsa pansi pake ndi tochi, ndipo ndinaphunzira zimene ndinayenera kuziphunzira zaka khumi zapitazo. Masipuling'i ndiwo amasenza kulemera kwa galimoto ndi zonse zili m'menemo. Koma sipuling'i payokha ikapanikizidwa imadumphadumpha osaleka, n'chifukwa chake pamakhala ma shock absorber, amene m'kati mwake muli oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ndiye amaletsa kudumphako. Ambirife timaganiza kuti ntchito ya ma shock ndi yoti tizikhala mwawofuwofu. Ntchito yake yaikulu ndi yosunga tayala kuti likhale logunda pansi nthawi zonse. Oyilo uja akatayika, tayala limayenda monjanja, ndipo tayala limene lili m'malere, ngakhale kwa kamphindi, silimvera mabuleki kapena chiwongolero. Galimoto yotero imatenga mtunda wautali kuti iime, imapendama pokhota, ndipo matayala ake amadyeka mosiyanasiyana, pena pakuya pena posadyeka. Palinso ma bush, timalabala tokhala pamene zitsulo zikumana, timene timauma ndi kung'aluka ndi ukalamba, komanso ma tie rod end amene amafikitsa ku matayala zimene manja akuchita pa chiwongolero. Zonsezi zimatha mwakachetechete, pang'onopang'ono, mwakuti woyendetsa tsiku ndi tsiku amazolowera n'kumaona ngati ndi mmene galimotoyo ilili.

Usiku wa tsiku limenelo ndinatsegula buku la Eksodo mutu 21, ndime 28 ndi 29, pamene pali lamulo la ng'ombe yogunda anthu. Lamulolo limasiyanitsa zinthu ziwiri. Ng'ombe ikapha munthu mwadzidzidzi, mwini wake alibe mlandu wa imfayo. Koma ngati inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake anachenjezedwa ndipo sanaitsekere, mlandu wa magaziwo umagwera iye. Ng'ombe ndi imodzimodzi, imfa ndi imodzimodzi, chosiyana ndi chakuti wachiwiriyu ankadziwa. Ine ndinali mwini wachiwiriyu. Ndinachenjezedwa ndi galimoto, ndinachenjezedwanso ndi mayi a kunyumba. Pa Deuteronomo 22:8 palinso lamulo lakuti womanga nyumba aike kampanda kuzungulira denga, chifukwa madenga a kumeneko anali athyathyathya ndipo anthu ankakhalapo, kuti wina akagwa magazi ake asakhale pa nyumbayo. Mulungu amene anasamala za kampanda ka padenga sangaone ngati nkhani ya ball joint ndi yachabe, yosayenera kukambidwa pa tsamba la zauzimu.

Ena adzati, kodi si Mulungu amene amateteza? Inde, ndi Iye, ndipo tsiku lija anatiteteza mwa chifundo chake chokha. Koma kumbukirani kuti pa Mateyu mutu 4, woyesa uja anaika Ambuye Yesu pamwamba pa Kachisi n'kuwauza kuti adziponye pansi, ndipo anatchula ngakhale lonjezo la m'Masalimo lakuti angelo adzawatchinjiriza. Lonjezolo linali loona. Komabe Ambuye anakana, ponena kuti kuchita zotero n'kumuyesa Mulungu. Munthu amene wamva kugogoda kwa miyezi isanu ndi itatu, n'kunyamula amayi a eni ake, n'kupemphera kuti angelo agwire tayala, sakusiyana kwenikweni ndi wodziponya kuchokera pamwamba pa Kachisi. Timakonda kumata mawu a m'Baibulo pa galasi lakumbuyo, ndipo sindikuletsa, koma ndaonapo magalimoto olembedwa mawu okoma zedi akuyenda chammbali ngati nkhanu.

Tsono pali nkhani ya ndalama, ndipo imeneyi sindingaipeputse. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zipangizozi inakwera motsatira. Bambo amene akusakasaka fizi ya ana, feteleza ndi lendi, mukamuuza kuti asinthe ma shock, ndiponso kuti amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, kenaka alipirenso alignment, akhoza kukuyang'anani ngati mukumuseka. Misewu nayo siithandiza. Maenje a m'dzinja amatha m'chaka chimodzi zinthu zimene kwina zikanakhala zaka zingapo. Zonsezi n'zoona. Komabe nditawerengera moona mtima, ndinapeza kuti m'miyezi isanu ndi itatu ija ndinagula nsalu zatsopano zokutira mipando ndi masipika a wailesi, zimene mtengo wake unaposa wa kachitsulo kaja. Ndalama zinalipo, koma zinapita ku zinthu zimene anthu amaziona pa bwalo la tchalitchi.

Palibe amene akukakamizidwa kukonza zonse tsiku limodzi; paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Makaniko uja anandipatsa ndondomeko yanzeru. Zoyamba ndi zimene zikhoza kupha: ball joint, tie rod end, mabuleki ndi matayala. Zotsatira ndi ma shock ndi ma bush. Penti ndi zokongoletsa zidikire. Anandiphunzitsanso kuyesa ma shock pokanikiza ngodya ya galimoto mwamphamvu n'kuisiya. Ikadumpha kangapo isanakhazikike, kapena mukaona oyilo akuchucha m'mbali mwa shock, ndiye kuti yatha. Anandionetsanso manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2318 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018, pakuti matayala ambiri akaunjika amene timagula amaoneka abwino kunja koma labala wake anakalamba. Ndipo ngati ndalama ya chinthu chofunika palibe, galimoto ikhale pakhomo, mwini wake akwere minibasi. Ulemu wa mkulu wa mpingo suchepa chifukwa wafika ku tchalitchi wapansi. Chiphaso cha COF chomatidwa pa galasi chimangonena za tsiku limene galimoto inaunikidwa, osati za dzenje limene munagunda dzulo.

Mnzanga wina atamva zimene zinachitika anandilangiza mwachikondi kuti ndingoikamo chitsulo chotchipa, ndiitsuke bwino, ndiigulitse msanga isanaonetse matenda ena. Langizoli linandikoka mtima kwa masiku angapo. Koma Levitiko 25:14 imaletsa kudyerana masuku pamutu pogula ndi pogulitsa, ndipo kugulitsa galimoto mobisa chilema chake n'kusamutsira ng'ombe yogunda ija m'khola la mnzako osamuuza. Wogulayo nayenso ali ndi mkazi ndi ana amene adzakhala pa mipando yomweyo. Wina anati nditenge ngongole ndigule ina. Imenenso ndinaikana, chifukwa galimoto yakale yosamalidwa si chinthu chochititsa manyazi, ndipo ngongole yotengedwa pofuna kuoneka bwino yapasula mabanja ambiri kuposa dzimbiri.

Mawu ena apite kwa mipingo yathu. M'mipingo yambiri magalimoto ndi owerengeka, ndipo omwewo ndiwo amathamangira odwala usiku, maliro, maukwati ndi misonkhano. Mwini galimoto akanena kuti malo atha, timamuona ngati wouma mtima, n'kumamuuza kuti tipanikizana, ndi pafupi pompa. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50. Matumba anayi ndi anthu asanu ndi mmodzi m'kagalimoto kakang'ono ndi katundu amene masipuling'i ake sanapangidwire, ndipo amene amalipira pambuyo pake ndi mwini wake yekha. Timasonkha ya mafuta, koma sindinaonepo mpingo ukusonkha ya ma bush. Amakaniko achikhristu nawonso amve: kuika chitsulo chakale n'kulipiritsa mtengo wa chatsopano, kapena kuwotcherera chinthu chimene chiyenera kutayidwa, n'kuika dzanja pa moyo wa munthu amene wakukhulupirirani.

Ine ndinasintha ma ball joint onse awiri, ma tie rod end ndi ma shock akutsogolo, ndipo ndinapita kwa amayi anayi aja mmodzimmodzi kukawauza kuti phokosolo ndinkalidziwa. Mmodzi anaseka n'kuti zinapita zimenezo. Wina anakhala chete kwa nthawi, kenaka anati, "Mwachita bwino kunena, abambo, koma ine ndili ndi ana amasiye atatu kunyumba." Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero.

Ma shock akumbuyo sindinasinthe; akudikira malipiro a mwezi wamawa. Mpaka nthawi imeneyo sindikupita nayo kutali, ndipo kumbuyo ndikunyamula anthu awiri okha. Lamulungu lapitali, potuluka m'tchalitchi, ndinabweza anthu atatu amene amafuna kukwera nawo, ndipo mmodzi wa iwo sanandipatse moni Lachitatu ku mapemphero a m'dera.