Luso Lopempha Thandizo Likusowa m'Masukulu ndi pa Miyambo ya ku Petauke ndi Nyimba

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la a Hakainde Hichilema linathetsa malipiro a maphunziro m'masukulu a boma kufikira Giredi 12, aphunzitsi aakulu m'maboma a Petauke ndi Nyimba anasenzetsedwa nchito imene sanaiphunzire ku koleji. Iyi ndi nchito yofunafuna ndalama zotukulira sukulu.

Kale sukulu ikafuna cipinda cophunziriramo, bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA linali kuitanitsa msonkhano. Makolo anali kusonkha ndalama, ena kuumba njerwa, ena kututa mcenga. Lamulo latsopano linathetsa msonkho wa PTA, ndipo ana anaculuka m'makalasi. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, koma zipinda ndi madesiki zinakhala zoperewera.

Ndalama za citukuko tsopano zikudzera khomo lina. Thumba la CDF, limene dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo limalandira, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 linafika pa K30.6 miliyoni. Komabe ndalamazi sizipita kwa amene sanapemphe. Pempho limalembedwa, limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi, kenaka limapita ku komiti ya dera lonse, ndipo khonsolo ndiyo imayendetsa ndalamazo. Sukulu imene ili ndi munthu wodziwa kulongosola vuto, kuwerengera ana ndi kuika mitengo yeniyeni ya simenti ndi malata imakhala patsogolo. Sukulu ya kutali m'cigwa ca Luangwa, monga kwa Mfumu Luembe kapena kwa Mfumu Nyalugwe, ingathe kutsalira ngakhale kuti kusowa kwake ndi kwakukulu.

Vuto lomweli likuoneka pa miyambo ya makolo. Mwambo wa Tuwimba, umene Ansenga amacita mu Okutobala motsogozedwa ndi Mfumu yaikulu Kalindawalo ku Petauke, umafuna cakudya ca alendo, misasa ndi magalimoto onyamula magulu a zovina. Makomiti a miyambo ikuluikulu monga Nc'wala ku Mtenguleni ndi Kulamba ku Mkaika amadalira maphwando osonkhetsa ndalama mu Lusaka komanso thandizo la makampani. Koma kampani imaika ndalama pamene pali khamu lalikulu ndi atolankhani ambiri, motero mwambo wocepa uyenera kufotokoza bwino cimene wopereka adzapindula.

Magwero ena a thandizo nawonso aphwa. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse, cinasiya nkhokwe zambiri zopanda cimanga coti anthu asonkhe. Mu 2025 dziko la America linatseka bungwe lake la USAID, ndipo opempha anayamba kulimbirana opereka ocepa otsalawo.

M'maiko monga America, kufunira ndalama masukulu ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi nchito imene munthu amaiphunzira ndi kulipidwa. Bungwe la akatswiri a nchitoyi la Association of Fundraising Professionals limaletsa mamembala ake kulandira gawo la ndalama zimene asonkhetsa. Malipiro amagwirizana nchito isanayambe. Cifukwa cake ndi cakuti wodya gawo amathamangira ndalama za msanga, osasamala za mbiri ya sukulu. Makomiti a kumidzi ayenera kucenjera ndi aliyense wobwera ndi lonjezo la thandizo koma akufuna yake mbali.

Akulu anati kupatsa n'kuika. Wopereka amafuna kuona pamene anaika, ndipo komiti imene imaonetsa malisiti ndi kuwerenga poyera mmene ndalama zayendera ndiyo imapatsidwanso caka cotsatira.

Ku Petauke ndi Nyimba kuli acinyamata ambiri amene anatsiriza maphunziro koma alibe nchito. Popeza thumba la CDF lili kale ndi gawo lolipirira maphunziro a luso, makhonsolo angathe kuphunzitsa ena mwa iwo kulemba mapempho ndi kusunga mabuku a ndalama, ndi kuwatumiza coyamba ku masukulu a kutali kumene mapempho olembedwa bwino akusowa.