Buluzi Wamkanda Si Chidole

M'madera ouma ndi amiyala a dziko la United States, kuyambira ku Arizona ndi New Mexico kudzera ku Texas ndi Oklahoma mpaka ku Missouri, komanso kumpoto kwa Mexico, muli buluzi wina amene kukongola kwake kwamusandukira tsoka. Pa Chingerezi amatchedwa collared lizard chifukwa cha mizere iwiri yakuda imene idazungulira khosi lake ngati mikanda, ndipo akatswiri a zamoyo amamudziwa ndi dzina lakuti Crotaphytus collaris. Kutalika kwake, kuphatikiza mchira, kumayambira pa masentimita 20 mpaka kupitirira 30. Wamphongo ndiye wokongola koposa: thupi lake ndi lobiriwira mosakanikirana ndi mtundu wa thambo, lili ndi mawangamawanga, ndipo kawirikawiri mutu umakhala wachikasu. Amene adaonapo gulo ali pathanthwe akugwedeza mutu angathe kumuyerekeza m'maganizo, ngakhale awiriwa sali pachibale chapafupi. Anthu a ku Oklahoma amamunyadira kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 1969 adamusankha kukhala chokwawa choimira chigawo chawo.

Lero buluzi wamkandayu amapezeka m'masitolo ogulitsa ziweto ndi m'zionetsero za nyama zokwawa, ku America konko ndi ku Ulaya. Ogula amamuika m'bokosi lagalasi pabalaza, namutcha chiweto. Ena afika pomuswetsa mazira ndi kugulitsa ana ake, ndipo amadzitcha okonda chilengedwe. Mchitidwe umenewu ngwoyenera kutsutsidwa poyera, chifukwa umapatsa munthu chisangalalo chochepa pamene nyama ikulipira ndi moyo wake wonse.

Choyamba n'kufunsa kuti kodi buluzi ameneyu adalengedwa kuti azikhala motani. Iye ndi mlenje wa pamtetete. M'mawa amakwera pamwala woonekera, naothera dzuwa kufikira thupi litatentha, kenaka n'kuyamba kuunguza uku ndi uku. Akaona chiwala, kangaude kapena buluzi wamng'ono, amalumpha n'kumumbwandira ndi nsagwada zake zamphamvu. Akadzidzimuka amathamanga modabwitsa: amadzutsa miyendo yakutsogolo, n'kumaliwitsa ndi yakumbuyo yokha, mchira uli m'mwamba, pa liwiro loposa makilomita 20 pa ola. Tsono bokosi limene alangizi a zoweta amati n'lokwanira limatalika mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Nyama yothamanga chotero imafika kumapeto kwa nyumba yake munthu asanaphethire n'komwe. Ndipo popeza galasi sachidziwa, imaliwomba ndi mphuno, n'kubwerezanso, mpaka mlomo kunyuka. Oweta ambiri amachidziwa bwino chilonda chimenechi, ndipo mankhwala amene amalangizana ndiwo kumata mapepala m'mbali mwa bokosi kuti buluzi asaone kunja. Umenewutu ndi ulemu umene wandende amalandira: kumutseka maso kuti aiwale zoti kuli dziko.

Nkhani ya dzuwa ndiyo yoopsa kuposa ya malo. Buluzi sapanga kutentha m'thupi mwake monga mmene zichitira mbuzi kapena nkhuku. Amadalira kutentha kochokera kunja. Wamkandayu amafuna pamalo pootherapo potentha pafupifupi madigiri 40, komanso mbali ina yozizirirapo yothawirako akatenthedwa. Kutentha kukachepa, chakudya sichigayika m'mimba. Komatu kutentha pakokha sikukwanira. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso, chotchedwa UVB, chimene chimathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu thupi silingathe kutenga kashiamu wa m'chakudya. Cheza chimenechi sichidutsa pagalasi wamba, kotero kuika bokosi pazenera n'kudzinamiza chabe. Pamafunika babu lapadera, ndipo babulo limafooka mphamvu pakapita miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuwalabe ngati kale. Mwini chiweto amaona kuwala, nakhutira kuti zonse zili bwino, pamene thupi la buluzi layamba kusolola kashiamu m'mafupa ake omwe. Nsagwada zimafewa ngati phala, miyendo imapindika, msana umakhota, zala zimanjenjemera, ndipo mlenje uja amene ankalumpha kuchoka pamwala wina kufika pa unzake amayamba kudzikoka ndi mimba. Choipitsitsa n'chakuti buluziyu salira. Ngakhale anthu a ku Oklahoma amamutcha mountain boomer, mwina chifukwa chakuti ena ankaganiza kuti ndiye ankabangula m'mapiri, iye alibe mawu otero. Galu akadwala amabuula usiku wonse mpaka mbuye wake kudzuka. Buluzi amafa mwakachetechete, mwini wake akumujambula zithunzi.

Chakudya nacho chili ndi zovuta zake. Kutchire amadya tizilombo tamitundumitundu, pamene m'bokosi amapatsidwa nkhululu zazing'ono ndi mphutsi zoweta, zimene zilibe kashiamu wokwanira pokhapokha zitawazidwa ufa wapadera. Tizilomboto tiyenera kukhala tamoyo, ndiponso tiyenera kupezeka mlungu uliwonse kwa zaka zonse za moyo wa buluziyo, zimene zingafike 8 kapena kupitirira. Mwana amene adalirira buluzi ali ndi zaka 12 amakhala atachoka pakhomo buluziyo akadafunabe nkhululu zake.

Apa oweta odziwa ntchito yawo amayankha kuti zonsezi ndi zolakwa za osaphunzira, ndipo iwo amene amaswetsa abuluzi m'nyumba amatsata chilengedwe mosamala. Ndi bwino kuona chimene kutsatako kumatanthauza. Kwawo kwa buluziyu kumazizira kwambiri kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Febuluwale, ndipo iye amabisala pansi pa miyala osadya kanthu. Woswetsa ayenera kupanga chisanu chabodza: amasiya kudyetsa abuluzi kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu, amazimitsa nyali pang'onopang'ono, n'kuwasunga pamalo pozizira pafupifupi madigiri 10 kwa miyezi iwiri kapena itatu. Buluzi wowonda kapena wodwala sadzukanso. Otsalawo akatenthedwa, wamphongo amaikidwa pamodzi ndi wamkazi. Amphongo awiri sangakhale m'bokosi limodzi chifukwa amamenyana koopsa polimbirana malo, ndipo wamkazi, amene kutchire akadathawira kuseri kwa mwala, m'bokosi alibe kothawira pamene wamphongo akumuluma pakhosi tsiku ndi tsiku. Akatenga mazira, m'mbali mwake mumatuluka mawanga ofiira. Akasowa dothi lonyowa bwino lokumbamo, mazira amamukanirira m'mimba, ndipo angathe kufa nawo. Akaikira, woswetsa amatenga mazirawo n'kuwaika m'makina ofungatira kwa miyezi pafupifupi iwiri. Wamkazi wodyetsedwa bwino angathe kuikira kangapo m'chaka chimodzi, ndipo chigoba cha dzira lililonse chimamangidwa ndi kashiamu wochokera m'thupi lake. Kwa wamalonda, kuikira kawirikawiri ndi phindu. Kwa buluzi ndi kutha kwa mafupa.

Ndipo ana akaswa amapita kuti? Sangakhale ndi akuluakulu, pakuti buluzi wamkanda amadya ngakhale ana a mtundu wake womwe. Ayenera kugulitsidwa msanga, ndipo wogula ndi yemwe uja wosaphunzira amene woswetsa ankamunyoza. Luso la munthu mmodzi limathera pa kudzaza mabokosi a anthu khumi opanda luso.

Nkhuku, mbuzi ndi galu zakhala ndi munthu kwa zaka zikwizikwi, ndipo matupi ndi makhalidwe awo zidasinthika chifukwa cha ubale umenewo. Galu amathamangira mbuye wake akamva mapazi. Buluzi wamkanda, ngakhale ataswedwera m'makina, ndi nyama yakutchire imene yangozolowera kusathawa dzanja lobweretsa chakudya. Kutcha kuzolowera kumeneko chikondi n'kumuika mawu m'kamwa amene sangathe kudziyankhira.

Palinso chinsinsi chimene sitolo siulula. Si abuluzi onse ogulitsidwa amene adaswedwera m'nyumba. Kulera mwana wa buluzi kumadya magetsi, chakudya ndi nthawi, pamene wamkulu wogwidwa kutchire amangofuna khwekhwe la kachingwe pansonga ya ndodo. Chifukwa cha ichi, ogwidwa kutchire amatsika mtengo, ndipo wogula wosadziwa amasankha wotchipayo. Abuluzi otere amafika ali ndi njoka zam'mimba ndi nthata, ali ofooka ndi ludzu la paulendo, ndipo ambiri amakana chakudya. Ogwira ena amagudubuza miyala ndi kung'amba ming'alu ya matanthwe pofuna zokwawa, n'kusiya malowo osakhalikanso kwa nyama zotsala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo imene oweta amaidalira kwambiri ndi yakuti iwo akuteteza mtundu wa buluziyu kuti usathe. Mfundoyi imagwa ikangoyesedwa ndi zimene zidachitika m'mapiri a Ozark, ku Missouri. Kumeneko buluzi wamkanda amakhala m'mabwalo amatanthwe, otentha ndi opanda mitengo, amene ali ngati zilumba pakati pa nkhalango. Kalekale moto unkayenda m'nkhalangozo kawirikawiri, wina woyatsidwa ndi mphezi, wina ndi eni dziko akale, ndipo unkasesa zitsamba n'kusiya mipata. M'zaka za m'ma 1900 boma lidalimbikitsa kuzimitsa moto uliwonse wa m'tchire. Mitengo ya mtundu wa mkungudza idamera m'mabwalo muja n'kuphimba miyala ndi mthunzi, ndipo nkhalango idathithikana kotero kuti abuluzi sadathenso kuoloka kuchoka pabwalo lina kupita pa linzake. Magulu ang'onoang'ono adatsekeredwa paokha, ndipo ambiri adatha.

Katswiri wina wa pa Washington University mumzinda wa St. Louis, Alan Templeton, pamodzi ndi anzake, adabwezera abuluzi pamabwalo atatu a phiri la Stegall pakati pa 1984 ndi 1989. Abuluziwo adakhala moyo, koma kwa zaka zingapo sadafalikire pamabwalo oyandikana nawo, ngakhale ena adali pafupi kwambiri. M'chaka cha 1994 oyang'anira malowo adayamba kutentha nkhalango mwadongosolo. Pansi patangoyera, abuluzi adayamba kuyenda okha, nakhazikika pamabwalo ambiri amene adali opanda buluzi. Chimene chidasowa sichidali chiwerengero cha mazira ayi, koma dzuwa pathanthwe ndi njira yodutsa. Munthu angathe kuswetsa abuluzi chikwi m'chipinda chake ku Berlin kapena ku Chicago, koma sadachotse mkungudza ngakhale umodzi pa phiri la Stegall.

N'zoona kuti kuswetsa kuli ndi malo ake pa ntchito yoteteza nyama. Ku Arkansas, malo osungirako nyama a Little Rock Zoo akhala akuswetsa abuluzi amkanda kuti akatulutsidwe pamabwalo amene akonzedwanso. Koma ntchito yotere imasiyana kutalitali ndi ya wamalonda. Akatswiri amadziwa kumene makolo a buluzi aliyense adachokera, amapima matenda, ndipo cholinga chawo n'chakuti bokosi lidzakhale lopanda kanthu. Wamalonda amasankha makolo poyang'ana kuwala kwa khungu, nthawi zina n'kukweretsa abuluzi ochokera kumadera otalikirana, ndipo ana otere sangatulutsidwe kutchire popanda kuika pachiswe abuluzi a kumaloko. Kuwonjezera apo, mtunduwu ukautenga wonse suli pangozi yakutha. Mavuto ake ali m'madera ena, ndipo mankhwala ake ali komweko.

Ena amati buluzi wa m'bokosi amaphunzitsa ana kukonda chilengedwe. Chimene mwana amaphunzira n'chakuti chinthu chokongola chimagulidwa, n'kutsekeredwa, ndipo chikafa amagula china. Pamwamba pa izo, zokwawa zambiri zimanyamula tizilombo ta Salmonella m'matumbo mwawo popanda kudwala, ndipo mwana wogwira buluzi n'kuika chala m'kamwa angathe kutsegula m'mimba koopsa. Boma la United States lidaona kukula kwa vutoli pamene m'chaka cha 1975 lidaletsa kugulitsa akamba ang'onoang'ono monga ziweto.

Amene ali kale ndi buluzi wamkanda m'nyumba sayenera kukamutaya kutchire, pakuti kumeneko n'kumupha kapena kufalitsa matenda. Ali ndi ngongole yoti alipire mpaka buluziyo adzafe ndi ukalamba: bokosi lalikulu koposa limene angathe, miyala yokwerapo, babu latsopano nthawi yake isanakwane, ndi dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa. Chimene sayenera kuchita ndicho kumufunira mkazi. Nazo zigawo zimene zimalolabe kugwira abuluziwa kutchire n'cholinga cha malonda ziyenera kutseka khomo limenelo, ndipo sitolo iliyonse ikakamizidwe kulemba pabokosi kumene buluzi adachokera, zaka zimene angakhale ndi moyo, ndi mtengo wa magetsi, mababu ndi nkhululu pa chaka chimodzi. Wogula awerenge zonsezo asanatulutse chikwama m'thumba.