Asiyeni amayi akapume

Kuwerenga: Marko 6:30-32, 1 Mafumu 19:4-8

Mwezi wa Juni wapitawu, kuzizira kutafika povuta, amayi asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo mayi a kunyumba kwathu, adapangana zokakhala pamalo ena ogona alendo kufupi ndi phiri la Dedza kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu masana. Sadapite kumsonkhano kapena kumaphunziro. M'zikwama zawo mudali ulusi, singano zolukira, masamba a tiyi ndi mbatata zowotcha. Cholinga chawo chidali kuluka, kucheza ndi kugona mokwanira, basi.

Tiulule kulakwa kwathu. Titamva za ulendowu funso loyamba kutuluka pakamwa pathu lidali lakuti, "Nanga atiphikire ndani?" Tatumikira mpingo zaka zopitirira makumi atatu, talalikira za Sabata kosawerengeka, koma tsiku limenelo tidaganiza za mimba yathu tisanaganize za msana wa mnzathu. Abambo ena a mumpingo adang'ung'udzanso. Ena amati ndi ulesi, ena amati ndi kuwononga ndalama, ena amafunsa chifukwa chake panalibe mlaliki woti akawayankhule.

Tiyeni tione moyo wa mayi wa m'banja lachikhristu. Amadzuka tambala asanalire kachiwiri, ndipo amagona onse atagona. Kukagwa maliro ndiye wophika ndi wogona kusiwa. Wina akagonekedwa m'chipatala ndiye wodikirira. Loweruka amasesa m'tchalitchi, Lachinayi ali ku Mvano kapena ku Chigwirizano, Lamulungu amaphikira alendo a abusa. Tsiku limene ife abambo timalitcha lopuma, kwa iye ndi tsiku la mbale zambiri. Komatu lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5:14 silisiya munthu kunja. Limatchula ana, antchito, mlendo, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Ngati Mulungu adakumbukira bulu, ife tingaiwale bwanji mayi?

Pa Marko 6 timamva kuti atumwi atabwerako ku ntchito yolalikira, anthu adawachulukira mpaka adasowa mpata woti adye. Yesu sadawapatse ntchito ina. Adawatenga m'ngalawa kupita nawo kumalo kopanda anthu kuti akapume. Nayenso Eliya, atatopa mpaka kupempha imfa m'chipululu, mngelo sadayambe ndi kumudzudzula. Adampatsa mkate ndi madzi, namulola kugonanso. Mawu a Mulungu adamupeza pambuyo pake, ku Horebu. Mlengi wa thupi amadziwa kuti mtima wotopa sumva bwino.

Nanga kulukako kuli ndi phindu lanji? Amene amaluka amadziwa kuti ntchitoyi sifuna phuma. Ukathamanga ulusi umapulumuka pa singano, ndipo pamatsala bowo limene limakukakamiza kumasula mizere yonse kubwerera pamene udalakwitsa. Kuthamanga si kufika, adatero akuluakulu. Chinanso n'chakuti poluka manja amatanganidwa koma pakamwa ndi makutu pamakhala pa ufulu. Maso ali pa ulusi, kotero munthu amatha kunena zimene sakadanena akadakhala kuti akuyang'anizana ndi mnzake.

Izi ndi zimene zidachitika ku Dedza. Usiku wa Loweruka, atazungulira mbaula, mmodzi wa amayiwo amene amuna ake adatisiya zaka ziwiri zapitazo adayamba kufotokoza za usiku umene amakhala maso yekhayekha mpaka kucha. Ife tidamuyendera kangapo monga mbusa, ndipo nthawi zonse amatiyankha kuti ali bwino. Kwa anzake, singano zili m'manja, adalira. Anzakewo sadamulalikire. Adamumvetsera, wina adamuthirira tiyi, kenaka adapemphera naye. Apa tidaphunzira kuti ubusa wina umachitika mbusa kulibe.

Pobwera adabweretsa tizipewa ndi timasokosi ta makanda, timene adakapereka kuchipatala kwa amayi olera ana obadwa masiku asanakwane. Ana oterewa amataya kutentha msanga, n'chifukwa chake anamwino amalangiza kuti mwana akhale pachifuwa cha mayi wake, khungu kwa khungu, atavala kachipewa. Izi zidatikumbutsa Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9, amene akazi amasiye adamulira akuonetsa zovala zimene adawasokera. Komabe tichenjere. Tisanene kuti ulendowu udali wabwino chifukwa cha tizipewato. Akadabwera chimanjamanja, atangopuma chabe, sakadachimwa. Kupuma ndi mphatso ya Mulungu, sikugulidwa ndi ntchito.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Inu abambo, phunzirani kuphika nsima, ndipo muphunzitsenso ana anu aamuna, kuti mayi akachoka masiku awiri nyumba isasanduke ya maliro. Inu atsogoleri a mipingo, malo monga Chilema ku Zomba, Chongoni ku Dedza ndi Likhubula ku Mulanje tidazolowera kuwadzaza ndi misonkhano yoyamba m'mamawa mpaka usiku. Siyaniko mpata wina wopanda ndandanda. Ndipo inu amayi, musadikire ndalama zambiri. Khonde la mnzanu, mphasa, ulusi pang'ono ndi masana a Loweruka n'zokwanira. Musadziimbe mlandu chifukwa chokhala pansi.

Ife masiku awiri aja tidadya nsima ya mibulu, yophika tokha. Sitidafe nayo. Mayi atabwera Lamulungu madzulo tidawamva akuimba kukhitchini, zimene sitidazimve kwa nthawi yaitali.

Tipemphere: Ambuye Yesu, Inu amene mudaona kutopa kwa ophunzira anu, tsegulani maso athu kuti tione kutopa kwa amene amatitumikira m'nyumba zathu. Tikhululukireni pamene tasenzetsa ena katundu wa mpumulo wathu. Amen.