Oyamikira Nthawi ya Atsamunda Afunse Kumene Ng'ombe za Mpezeni Zinapita

Masiku ano kuli anthu ena, pa mowa ndi m'mabasi a pa mseu waukulu wa kum'mawa, amene ali kunena kuti nthawi ya atsamunda inali yabwino. Iwo akuti Mzungu anapeza cigawo ca kum'mawa cili m'nkhondo, nacipatsa mtendere, ndalama ndi nchito. Ena afika ngakhale ponena kuti umphawi wa m'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke unadza ndi ulesi wa eni ace. Mau otere ndi abodza, ndipo sayenera kusiyidwa osayankhidwa, cifukwa ana ali kumva. Umphawi umenewo unapangidwa ndi manja a anthu, ndipo zaka zace ndi maina a amene anaupanga ndi zodziwika.

Nkhani inayamba ndi pepala. M'caka ca 1891 Mjeremani wina, Carl Wiese, anatenga kwa Mfumu Mpezeni cilolezo cimene pambuyo pace cinagulitsidwa kwa anthu a ndalama a ku London. Azungu anakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Kotero m'caka ca 1895 kunapangidwa kampani yochedwa North Charterland Exploration Company, ndipo kampani ya Cecil Rhodes inaipatsa malo okwana masikweya mailo 10,000. M'malo amenewo munali midzi, minda ndi manda a Angoni, Acewa ndi Ansenga. Palibe nyakwawa amene anaitanidwa ku London kukamva kuti dziko lace laperekedwa kwa alendo.

M'caka comweco ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire ao. Mzere umene analemba unadula dziko la Acewa pakati. Likulu la Kalonga Gawa Undi ku Mano linatsala m'manja mwa Apwitikizi, pamene anthu ace ambiri anagwera kwa Angerezi, ena ku Nyasaland ndi ena kuno. Munthu wopita kukalira maliro a malume wace anasanduka wolumpha malire. Njira zakale za malonda zopita ku Tete ndi ku Zambezi zinayamba kufa.

Pepala litalephera kugonjetsa Angoni, kunabwera mfuti. Mu Januwale 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland analowa m'dziko la Mpezeni ndi mfuti za Maxim. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale caka comweco. Mfumu yokalamba inatengedwa ukaidi, ndipo inamwalira m'caka ca 1900. Golide amene anafera anthu onsewa sanapezeke monga momwe Azungu anayembekezera. Cimene anapeza ndi ng'ombe, ndipo analanda zoposa 10,000. Zambiri zinathamangitsidwa kunka kum'mwera kwa Zambezi kukadzaza makola a atsamunda.

Ng'ombe inali nkhokwe ya Mngoni. Ndi ng'ombe anakwatira, ndi ng'ombe analipira mlandu, ndi ng'ombe anagula cakudya m'caka ca njala. Munthu womlanda ng'ombe zace zonse mwezi umodzi, kenaka nkumucha waulesi, afanana ndi mbala imene iseka mwini nyumba kuti agona pansi, itamubera mphasa.

Oyamikira atsamunda ayankha kuti Angoni nawonso anali kufunkha Acewa ndi Ansenga, ndi kuti Mzungu anathetsa nkhondozo. Zoona, nkhondo za Angoni zinasautsa anthu, ndipo akulu a Acewa sanaziiwale. Koma funso ndi ili: kodi ndi Mcewa uti amene anabwezeredwa ng'ombe kapena munda pambuyo pa 1898? Palibe. Cimene Mcewa, Mnsenga ndi Mkunda analandira ndi msonkho, cimodzimodzi ndi Mngoni wogonjetsedwayo.

Msonkho wa nyumba unayamba kusonkhedwa m'caka ca 1901, masheleni atatu pa nyumba. Anthu analibe masheleni, ndipo Boma la kampani linadziwa zimenezi bwino lomwe. Colinga ca msonkho cinali kucotsa mwamuna pamudzi kuti akagwire nchito kwa Mzungu. Amuna zikwizikwi anayenda pansi milungu yambiri, kudzera ku Feira kapena ku Tete, kunka ku migodi ndi mapulazi a ku Walale, ena mpaka ku Joni. Ena anabwera ndi njinga ndi bulangeti, ena anabwera ndi cifuwa, ena anasanduka machona osaonekanso. Kumudzi kunatsala akazi, ana ndi nkhalamba. Mkazi anali kulima, kupalira, kukolola ndi kulera yekha, ndipo nchito yogwetsa mitengo ya munda watsopano inasowa woigwira. Thukuta la amuna a kum'mawa linalemeretsa Salisbury ndi Bulawayo, pamene nkhokwe za kwao zinali kucepa caka ndi caka.

Pambuyo pa ng'ombe ndi amuna, kunatsala nthaka. Kuyambira 1913 anthu anayamba kukankhidwira m'malo osungidwira anthu akuda, ndipo m'caka ca 1928 malowo anakhazikitsidwa ndi lamulo. Nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson inasungidwira alimi acizungu a fodya. M'malo a anthu akuda munadzaza anthu koposa muyeso. Munda umene kale unali kupumula zaka zambiri unalimidwa kosalekeza, mitengo inatha, ndipo madzi a mvula anakokolola nthaka nasiya zigwembe. Tsono mtengo wa fodya utagwa m'caka ca 1928, alimi acizungu ambiri anathawa. Malo aakulu a kampani anakhala thengo lopanda munthu. Nyama zakuthengo zinaculuka m'menemo, ndipo pamodzi nazo kunabwera kashembe, mdani wa ng'ombe. Anthu anali kufa ndi njala ya malo m'mphepete mwa dziko lao lomwe, limene linali kudyedwa ndi nguluwe.

Ngakhale Boma la atsamunda linaona manyazi. M'caka ca 1941 linagula gawo lalikulu la malo a North Charterland kuti libwezeremo anthu. Ndalama zinaperekedwa kwa kampaniyo. Midzi imene inacotsedwa siinalandire ngakhale kobiri.

Nanga citukuko cimene cinenedwaco cili kuti? Fort Jameson anali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndi nyumba za njerwa ndi mitengo yokongola, koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Njanji inafika ku Broken Hill m'caka ca 1906 cifukwa kunali mgodi; ku Chipata inafika m'caka ca 2010. Masukulu oyamba a kum'mawa anamangidwa ndi amishoni, monga a Dutch Reformed amene anafika pa Magwero m'caka ca 1899, osati ndi kampani yolandira msonkho. Pa tsiku la ufulu, 24 Okutobala 1964, Zambia yense anali ndi ana ace a madigiri pafupifupi 100 okha. Ngakhale mwambo wa Ncwala unazima pambuyo pa nkhondo ya 1898, ndipo unadzukanso m'caka ca 1980.

Mbiri imeneyi iyenera kukumbukiridwa cifukwa nkhani ya malo siinathe. M'caka ca 1975 Boma la Dr. Kenneth Kaunda linathetsa umwini wa nthaka wa muyaya, ponena kuti nthaka si katundu wa pa msika. Koma lamulo la malo la 1995 linatsegula khomo lakuti nthaka ya mafumu isandulike ya pepala la zaka 99, ngati mfumu ndi khonsolo avomera. Munda ukalowa m'pepala lotere ucoka m'manja mwa mudzi, ndipo adzukulu adzaupeza uli ndi waya. Mlendo wa lero sabwera ndi mfuti ya Maxim. Abwera ndi galimoto, mphatso ndi malonjezo a nchito, monga momwe Wiese anabwerera ndi nsalu ndi mau okoma.

Cifukwa cace mafumu ndi anyakwawa ayenera kukana kusaina pepala lililonse la malo anthu ao asanasonkhane pa bwalo ndi kumva mau onse a m'pepalalo m'cinenero cao. Amai, amene anasunga minda pa zaka zonse zimene amuna anali ku Walale, ayenera kukhala ndi mau pa bwalo limenelo. Aphunzitsi auze ana a sukulu za Nsingu, za msonkho wa 1901 ndi za malo a 1928. Ndipo munthu aliyense woimirira pa msonkhano kuyamikira nthawi ya atsamunda afunsidwe pamaso pa onse kumene ng'ombe za Mpezeni zinapita, ndi amene analipira mtengo wace.